Phula Likapsera pa Boti

Mwezi wa Okutobala ku Chembe, pagombe la Cape Maclear, dzuwa limayamba kuswa mtengo kudakali m'mawa. Ikamakwana 9 koloko mchenga umakhala ukuotcha kale kumapazi, ndipo asodzi amene anachezera pa usipa amakhala atalowa m'zisakasa. Vuto la nkhani ino limakonda kuyamba nthawi ngati imeneyi. Mnyamata wosamalira boti la pamalo ogona alendo walikokera kumtunda, walitsuka bwinobwino, watsekula chitini cha polishi n'kupaka mbali yonse, kuchokera kutsogolo mpaka kumene kumakhala injini. Asanayambe kupukuta wamva kuitana. Alendo afika, katundu akufuna wonyamula, kenaka pakufunika wina woti athamangire petulo ku Monkey Bay. Pobwerera kuboti kuja, dzuwa lapendeka.

Chimene amapeza si boti lonyezimira limene ankayembekeza. Mbali yonse yachita mbuu, ndipo mizere yozungulira mmene nsanza inkadutsa ikuoneka ngati wina anailemba ndi choko. Akayesa kupukuta, nsanza ikungoterereka. Akakanda ndi chikhadabo, pakungotuluka kamzere kamodzi, kwina konseko kuli nganganga. Apa m'pamene dzanja limathamangira zimene linazolowera pakhomo: mchenga wapagombe umene amayi amakwechera mapoto, sitiliwulu, ufa wotsukira masinki, mwinanso mpeni. Phula limachokadi. Koma limachokera limodzi ndi khungu la boti, ndipo khungu limenelo silimeranso.

Eni maboti ku Florida, ku Durban ndi ku Kariba amalidziwa bwino vutoli, moti m'masitolo a zipangizo za maboti mumapezeka mankhwala opangidwira ntchito yomweyi. Kunyanja ya Malawi, kumene maboti a faiba amanyamula alendo ku Mangochi, Senga Bay, Nkhata Bay ndi Likoma, sitolo zotere n'zosowa. Komabe ntchitoyi imatheka ndi zinthu za m'hadiweya wamba, bola munthu amvetse mfundo imodzi: phula louma limachoka polifewetsa ndi kulisungunula, osati polipala.

Khungu lopyapyala ngati mapepala asanu

Poyerekeza ndi bwato bosema kapena boti la matabwa ngati amene amakhomedwa ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, boti la faiba, lopangidwa ndi ulusi wagalasi, ndi mlendo wadzulodzuloli. Kampani ya Owens-Corning ya ku America, imene inatchukitsa ulusi wagalasi, inakhazikitsidwa mu 1938. Ray Greene wa ku Toledo m'chigawo cha Ohio amadziwika kuti ndi mmodzi mwa anthu oyamba kuumba boti pophatikiza ulusiwo ndi utomoni wochita kupanga wotchedwa rezini, mu 1942.

Kapangidwe kake kamasiyana ndi ka boti la matabwa, limene mmisiri amayamba ndi msana ndi nthiti. La faiba amayambira kukhungu. Pamakhala chikombole chachikulu chofanana ndi botilo. Amachipaka phula kuti boti lisadzakanirire, kenaka amapoperamo utoto wokhuthala wotchedwa gelcoat. Ukagwira, amayala nsalu za ulusi wagalasi n'kumazinyowetsa ndi rezini, ina pamwamba pa inzake, mpaka thupi litalimba. Akalizula m'chikombolemo, utoto unali pansi uja ndiwo umakhala kunja, wosalala see, ndipo ndiwo umapatsa boti mtundu wake.

Khungu limeneli nthawi zambiri limakhuthala pafupifupi theka la milimita, ngati mapepala asanu a m'kope atasanjikizidwa. Ntchito yake si kukongoletsa kokha. Limatchinga madzi ndi dzuwa kuti zisafike paulusi ndi rezini wam'kati. Likaperepeseka, madzi amayamba kulowerera pang'onopang'ono, ndipo boti limatha kutuluka matuza kapena kufooka pamalopo.

Mdani wamkulu wa khunguli ndi kuwala kwa dzuwa kwamphamvu kosaoneka ndi maso, kumene asayansi amakutcha UV. Nyanja ya Malawi ili pakati pa madigiri 9 ndi 15 kummwera kwa equator, motero dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndiponso mu Febuluwale. Pakapita zaka, kuwalako kumafumbutsa pamwamba pa gelcoat. Boti limasiya kunyezimira, limatuwa, ndipo munthu akalisisita chala chimatuluka ndi ufa. Pamwamba pamene panali posalala pamakhala timaenje tosaoneka ndi maso tambirimbiri. Anthu amapaka polishi pofuna kutseka timaenjeti ndi kuchedwetsa kufumbutsako. Ndipo ndi m'timaenje momwemo mmene phula limakanirira likapsa ndi dzuwa.

M'chitinimo muli chiyani?

M'Chichewa mawu akuti phula amanyamula zinthu ziwiri: phula lakuda la pamsewu, limenenso asodzi amamatira mabwato ong'aluka, ndi phula la njuchi limene limatsala uchi ukafinyidwa. Phula la polishi wa boti ndi lachibale ndi la njuchili, ngakhale kuti lambiri silichokera mumng'oma.

Limachokera ku mtengo wotchedwa carnauba, wofanana ndi mgwalangwa, umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil, makamaka m'zigawo za Piauí ndi Ceará. Kumeneko chilimwe n'chachitali, ndiye mtengowu umakuta masamba ake ndi phula kuti asataye madzi. Alimi amadula masambawo m'chilimwe, amawayanika padzuwa, amawapuntha kuti ufa wa phula uyoyoke, kenaka amausungunula ndi kuusefa. Phula lomweli ndi limene limanyezimiritsa masiwiti ena, mapilisi ndi polishi wa nsapato. Opanga polishi amalikonda chifukwa n'lolimba kuposa maphula ena achilengedwe. La njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64 pa sikelo ya Celsius, la kandulo pakati pa 46 ndi 68, koma la carnauba limafuna madigiri 82 mpaka 86.

Likakhala palokha ndi louma gwa, losatheka kupaka. Kuti lilowe m'chitini lili lofewa, amalisakaniza ndi mafuta opepuka ochokera ku mafuta agalimoto osayengedwa, amawonjezera maphula ena ofewerapo, ndipo m'mapolishi otsuka n'kunyezimiritsa nthawi imodzi amathiramonso ufa wosalala kwambiri wonga dothi loyera. Mayi aliyense amene anasungunulapo makandulo n'kuthiramo palafini kuti apange polishi wapasimenti amaidziwa kale nzeru imeneyi. Palafini ndiye amanyamula phula n'kuliyala pansi. Akauluka, phula limatsala, ndipo chiguduli chimalinyezimiritsa.

Pamthunzi zinthu zimayenda mwadongosolo. Mafuta opepuka aja amauluka pang'onopang'ono, pamwamba pamachita kachifunga, munthu n'kupukuta phula lotsalira lisanalimbe, n'kusiya kansalu kopyapyala kwambiri. Padzuwa dongosolo lonseli limasokonekera. Boti loyera limatentha, koma lakuda kapena labuluu wodera limatha kupitirira madigiri 60 masana, moti munthu sangaligwire. Mafuta amauluka nthawi yomweyo nsanza isanamalize n'kuzungulira komwe. Maphula ofewa a m'chisakanizocho amasungunuka n'kuyenderera m'timaenje tija, n'kusakanikirana ndi ufa wa gelcoat wofumbutsuka ndi fumbi la pagombe. Kukazizira usiku zonse zimagwirana ngati pulasitala. Mawa dzuwa likatuluka zimabwerezanso, ndipo boti likakhala choncho sabata kapena mwezi, mafuta omaliza amene akanathandiza kufewetsa amakhala atatheratu.

Munthu ayambe wadziwa chimene akulimbana nacho

Si kutuwa kulikonse kumene kuli phula. Wodziwa ntchito amayamba wayesa pakamalo kakang'ono kobisika, monga kumbuyo pafupi ndi injini. Akawaza madzi, pamene pali phula amaundana timadontho ngati mikanda, pamene palibe amayala n'kutsetsereka ngati chinsalu. Akadontheza tepentaini pansanza n'kusisita pang'ono, phula limachoka ndipo malowo amakhalabe oyera akauma. Koma ngati malowo anyezimira ali onyowa n'kubwerera kutuwa akangouma, ndiye kuti vuto ndi gelcoat wofumbutsuka, ndipo ngakhale atathira mankhwala osungunula ochuluka bwanji sangasinthe kanthu. Pamaboti akale kawirikawiri mavuto awiriwa amakhalira limodzi, phula pamwamba, kufumbutsuka pansi.

M'pofunikanso kudziwa ngati botilo linapakidwapo penti. Maboti ambiri akale anapentedwa pamwamba pa gelcoat, ndipo penti sapirira mankhwala ngati mmene gelcoat amapiririra. Nsanza ikatuluka ndi mtundu wa boti itanyowa ndi mankhwala, ntchito iime kaye.

Kuyambira pofewa, kukwera pang'onopang'ono

Choyamba ndi mthunzi. Boti likokeredwe pansi pa mtengo kapena pashedi, apo ayi alimangire lona pamitengo, ndipo ntchito iyambe mbandakucha kapena dzuwa litapepa. Muyeso wake ndi kuseri kwa dzanja: ngati likumva kutentha likagunda boti, nthawi sinakwane. Kenaka boti litsukidwe ndi madzi ambiri kuti mchenga wonse uchoke, pakuti kamchenga kamodzi kakalowa pansi pa nsanza kamalemba mzere paliponse pamene dzanja ladutsa. Pambuyo pake pabwere madzi ofunda, oti dzanja likhoza kupirira, osakaniza ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Sopoyu anapangidwira kudula mafuta, ndiye amafooketsanso phula. Thaulo lonyowa ndi madziwo likayalidwa pamalo ouma kwa mphindi zingapo, n'kupukuta mofatsa, phula la tsiku limodzi kapena awiri nthawi zina limathera pomwepa.

Nsanza nazonso zili ndi mawu. Zabwino ndi za microfibre kapena malaya akale a thonje, oyera, ochotsedwa mabatani ndi misoko yolimba. Tisheti zoyera za pakaunjika zimagwira bwino ntchitoyi. Nsalu yamitundu imatha kusuluka ikakhudza mankhwala n'kudetsa boti.

Sopo akalephera, njira yachiwiri imadabwitsa ambiri: kupakanso polishi yemweyo pamwamba pa wouma. Polishi watsopano amabwera ndi mafuta opepuka aja amene wakale anataya, ndipo mafutawo amalowerera n'kudzutsa phula lakale. Opolisha nsapato m'tauni amachita zomwezi akakumana ndi nsapato imene polishi anaundana m'makwinya. Chinsinsi chake n'kugwira kamalo kakang'ono, kosaposa kutalika kwa mkono mbali zonse, kuzunguliza nsanza kwa kanthawi, n'kupukuta nthawi yomweyo ndi nsanza ina youma polishiyo asanachite chifunga. Wofuna kumaliza mbali yonse kamodzi amangowonjezera phula lina louma pamwamba pa loyamba.

Njira yachitatu ndi mankhwala osungunula. Opezeka mosavuta ndi tepentaini wosungunulira penti wamafuta, amene pabotolo pake amalemba kuti mineral turpentine kapena white spirit. Iyeyu ndi mbale wake wa mafuta amene anali m'chitini muja, choncho amasungunula phula popanda kuvulaza gelcoat. Ogulitsa penti wagalimoto amakhalanso ndi mankhwala ochotsera phula ndi mafuta asanapope penti, ndipo makampani a penti wa maboti monga International ali ndi awoawo.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa pogwiritsa ntchito nsanza imodzi. Phula likasungunuka silisowa. Limangoyandama m'mankhwalamo, ndipo mankhwalawo akauluka limakhalanso pansi, ulendo uno litayala malo aakulu. N'chifukwa chake amisiri amagwira nsanza ziwiri, ina kudzanja lamanja, ina kumanzere. Yonyowa imatsogola n'kunyowetsa malo, amadikira pang'ono kuti phula lifewe, ndiye youma imatsatira n'kulinyamula malowo akadali onyowa, ikuyenda mbali imodzi osabwerera. Nsanza youmayo amaipinda pafupipafupi kuti mbali yoyera ndiyo izikhudza boti, ndipo ikadzaza amatenga ina. Pamalo pamene phula launjikana, monga m'mphepete mwa zitsulo, kakhadi kapulasitiki kakale kamathandiza kulikankha litafewa kale. Palafini wa nyale nayenso amasungunula phula, koma amasiya mafuta amene amafuna sopo wambiri pambuyo pake.

Mabotolo atatu oyenera kusamala nawo

Asetoni, yemwe amayi amamudziwa pochotsa utoto wa m'zikhadabo, amatchulidwa kawirikawiri pankhani za faiba chifukwa okonza maboti amatsukira rezini m'maburashi. Pa phula sathandiza kwenikweni. Amauluka msanga kwambiri, nsanza yachiwiri isanafike. Gelcoat amapirira akangodutsidwa mwachangu, koma asetoni amadya zomata za dzina ndi nambala ya boti, amafewetsa penti, ndipo amachititsa chifunga mawindo apulasitiki. Thina wa penti wopopera ndi waukali chimodzimodzi.

Petulo ndiye amakhala pafupi nthawi zonse, m'chigubu cha injini, ndipo amasungunuladi phula. Koma nthunzi yake imayaka ngakhale kutazizira kupitirira madigiri 40 pansi pa ziro, ndipo imalemera kuposa mpweya, motero imatsikira m'mimba mwa boti n'kukhala momwemo kudikira ndudu kapena kamoto ka batire. Mulinso benzene, amene amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Nthunzi ya asetoni imayaka kuyambira pa madigiri 20 pansi pa ziro. Ya tepentaini imafuna kutentha kwa cha m'ma 40, ndipo n'chifukwa china chogwirira ntchito pamthunzi, pakuti boti lokhala padzuwa la Okutobala limapitirira pamenepo. Wogwira mankhwala alionsewa avale magolovesi, aime kumene mphepo ikuchokera, ndipo mbaula ndi fodya zikhale kutali.

Kutentha kochepa kumathandiza pamalo okanika. Madzi ofunda kapena makina oumitsira tsitsi, akuyendetsedwa uku ndi uku osaima malo amodzi, amafewetsa phula kuti lipukutike. Izi zichitike nthunzi ya mankhwala itatheratu. Moto wa gasi kapena nyali yowotcherera usayandikire boti la faiba, chifukwa rezini amapsa.

Zikafika pofuna kupala

Phula lonse litachoka, boti likhoza kukhalabe lotuwa chifukwa cha kufumbutsuka kuja. Apa pokha m'pamene kupala kumaloledwa, ndipo nakonso kuli ndi muyeso. Pamafunika phala lopalira lotchedwa rubbing compound, lomwe mapanelobita amagwiritsa ntchito ponyezimiritsa galimoto yongopentedwa kumene. Muli timchenga tosalala kwambiri timene timasenda pamwamba pofumbutsuka n'kufika pa gelcoat wamoyo. Wanzeru amayamba ndi phala losalala, n'kupita ku lokhakhala pokhapokha loyambalo litalephera.

Ndi manja ntchitoyi imatheka, ingotenga nthawi ndi thukuta. Makina opolishira amafulumiza, ndipo pa gelcoat amayendetsedwa pa liwiro la pakati pa maulendo 1,200 ndi 1,800 pamphindi. Ena amaganiza zomangirira chiguduli ku gilainda yodulira zitsulo. Gilainda yaing'ono imazungulira maulendo oposa 10,000 pamphindi, ndipo imaotcha n'kuboola theka la milimita lija m'kuphethira kwa diso. Ngakhale ndi makina oyenera, m'makona ndi m'mizere yotukuka m'mofunika kupepuza dzanja, chifukwa m'menemo khungu limatha msanga. Mtundu ukayamba kuderako, kapena maluko a ulusi akayamba kuonekera pansi, ndiye kuti khungu latsala pang'ono kubooka.

Sandipepa ndi njira yomaliza, ya boti lofumbutsuka kwambiri. Amafunika wosalala wa nambala 1000, kenaka 1500 ndi 2000, womangidwa pakathabwa kofewa, madzi akuthiridwa nthawi zonse. Sitiliwulu ndiye ayi ndithu. Kuwonjezera pa kukanda, amasiya tizitsulo m'timaenje, ndipo pakapita masiku ochepa boti loyera limatuluka timadontho ta dzimbiri.

Pamene pamaponda anthu, pomwe opanga anapakhakhalitsa dala kuti pasaterere, phula limabisala m'timipata ndipo nsanza siifikamo. Pamafunika burashi yolimba ya nayiloni kapena mswachi wakale, pamodzi ndi sopo kapena tepentaini pang'ono. Malo amenewa sayenera kupakidwa polishi wamba n'komwe, chifukwa akanyowa amagwetsa anthu. Palabala wakuda wa m'mphepete mwa boti, pomwe phula limasiya mikwingwirima yoyera, labala yofufutira ya mwana wasukulu imathandiza, kapena timadontho ta mafuta ophikira totsukidwa ndi sopo pambuyo pake.

Wofuna kupenta kapena kumata asalumphe gawo ili

Kwa ena phula louma ndi nkhani ya maonekedwe chabe. Kwa mmisiri womata boti lobooka ndi nkhani ya moyo wa okwera. Rezini ndi penti sizigwira pamene pali phula, ndipo paja n'chifukwa chake amalipaka m'chikombole. Chigamba chomatidwa pamalo osachotsedwa phula chimaoneka bwino pagombe, koma chikhoza kumatuka boti likuwombana ndi mafunde a mwera pakati pa nyanja. Penti naye amathawa pamalo otere n'kusiya timaenje tozungulira ngati maso a usipa. Mapolishi okhala ndi silicone ndiwo amavutitsa kwambiri. Ngakhale boti latsopano limabwera ndi phula la m'chikombole, lomwe liyenera kuchotsedwa penti wapansi asanapakidwe.

Dongosolo lake silisinthika: kuchotsa phula kaye, sandipepa pambuyo. Woyamba ndi sandipepa amakankhira phula m'mizere imene akukanda, momwe nsanza singalitulutsenso. Akamaliza, madzi ndiwo amapereka umboni. Akayala bwinobwino osaundana mikanda, malowo ayera.

Zotsukazo zimapita kuti?

Pagombe limene boti likutsukidwa ndi pomwe amayi amatunga madzi, ana amasambira, ndipo usipa umayanikidwa pamathandala chapafupi. Cape Maclear ili m'dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna ndi mitundu ina ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse. Nyanjayi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka pouma ndi dzuwa. Zimene zathiridwamo sizikokoloka msanga. Tepentaini ndi petulo ndi poizoni kwa nsomba ndi tizilombo tam'madzi timene nsombazo zimadya, ndipo thovu la sopo wambiri limavulaza makha a nsomba. Lamulo la zachilengedwe la Environment Management Act la 2017 limaletsa kuipitsa madzi.

Choncho ntchito yonseyi ndi ya kumtunda, boti litatuluka m'madzi, kutali ndi pamene mafunde amafika. Pansi payalidwe lona kapena makatoni oti agwire madontho. Mankhwala azithiridwa pansanza, osati paboti. Nsanza zogwiritsidwa ntchito ziyanikidwe zotambasula pamalo opita mphepo, kutali ndi udzu ndi madenga ofolera, kenaka zisungidwe m'chitini chotseka mpaka zitatayidwa pamalo oyenera. Botolo limene munali mankhwala lisasanduke lotungira madzi, ndipo mankhwala otsala asasungidwe m'botolo la chakumwa pamene mwana angalifikire.

Kuti zisabwerezenso

Boti likayera limakhala lamaliseche, ndipo liyenera kupakidwanso polishi tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Ulendo uno likhale louma, lozizira, pamthunzi, tsiku lopanda mphepo youlutsa mchenga. Polishi apakidwe wochepa kwambiri, pakuti phula limene limatsala paboti n'lopyapyala kuposa tsitsi, ndipo lowonjezera lonse ndi ntchito yopukuta chabe. Kamalo kamodzi kamalizidwe kenako n'kupita pena. Nthawi yopukuta amaidziwa ndi chala: akadutsitsa pamalo opakidwa n'kusiya mzere woyera wonyezimira, yakwana, koma ngati pakupakika, adikire pang'ono. Malangizo a pachitini awerengedwe, chifukwa mapolishi ena amafuna kupukutidwa asanaume n'komwe.

Padzuwa la kunyanja phula la carnauba limatha pakangopita miyezi yochepa, ndipo chizindikiro chake ndi madzi akasiya kuundana mikanda. Mapolishi a polymer, ochita kupanga m'fakitale, amakhalitsapo, koma nawonso amakanirira akapakidwa pamalo otentha. Chimene chimatalikitsa moyo wa khungu la boti koposa zonsezi ndi lona kapena shedi, nthawi iliyonse imene boti silili pamadzi.

Zambiri mwa zimenezi zili m'manja mwa mwini boti, osati wantchito yekha. Mnyamata wa ku Chembe uja sanalakwitse chifukwa cha ulesi. Anapatsidwa chitini popanda malangizo, pagombe lopanda mthunzi, ndipo anaitanidwa ntchito ili pakati. Inu eni maboti, mukamatuma munthu kukapaka polishi, mupatseni malo amthunzi, nsanza zoyera zokwanira, ndi maola awiri a m'mawa oti wina aliyense asamuitane.